Dzina limene timathira mu thanki: za Rudolf Diesel ndi chikwama chimene anasiyira mkazi wake

A Gondwe (opuma ntchito): Mwadzuka bwanji nonse pa gulu. Lero ndi pa 29 Sepitembala, ndiye ndati ndikukumbutseni nkhani ina. Tsiku ngati lalero mu 1913, bambo wina wazaka 55 anakwera sitima yapamadzi yotchedwa Dresden padoko la Antwerp ku Belgium, ulendo wa ku Harwich ku England. Anadya mgonero ndi anzake awiri, cha m'ma 10 koloko n'kutsanzika kuti akukagona, ndipo anapempha kuti akamudzutse 6:15 m'mawa. Kutacha anapeza bedi losagonedwapo, malaya ogonera ali choyala bwinobwino, wotchi ili poti munthu atagona angaione. Mwini wake kulibe. Dzina lake mumalitchula tsiku ndi tsiku mukaima pamzere wa mafuta: Rudolf Diesel.

Chikondi wa pa galaja ku Biwi: Madala, mukuti dizilo ndi dzina la munthu? Zaka 14 ndikugona pansi pa magalimoto, ine ndimayesa ndi dzina la mafuta basi ngati palafini.

Yamikani wa ku Joni: Kkkkk a Chikondi, ndiye mawa mudzamva kuti kunalinso a Petulo ndi akazi awo.

A Gondwe (opuma ntchito): A Petulo kunalibe, koma a Diesel analiko, ndipo anakula movutika. Anabadwira ku Paris pa 18 Malichi 1858, makolo ake anali ochokera ku Bavaria, chigawo cha ku Germany, bambo ake a Theodor ankasoka zinthu zachikopa m'kashopu kawo. Mu 1870 nkhondo ya France ndi Prussia itabuka, anthu a ku Germany anauzidwa kuti achoke mu Paris. Banja lonse linathawira ku London, zinthu sizinayende, ndiye mnyamatayo ali ndi zaka 12 anamutumiza kwa achibale mumzinda wa Augsburg ku Bavaria kuja, kubanja la a Barnickel, amene bambo ake a pakhomopo ankaphunzitsa masamu. Ali ndi zaka 14 analembera makolo ake kalata kuti iye akufuna kudzakhala injiniya. Makolo ankafuna ayambe ntchito msanga azithandiza pakhomo, mwanayo n'kupeza thandizo la sukulu, ulendo wa ku Munich.

Nachisale wa chigayo ku Mitundu: Zokalerera mwana kwa achibale kodi azungu amachitanso? Ine ndimayesa ndi zathu zokha.

A Gondwe (opuma ntchito): Umphawi ulibe mtundu, mayi. Ku Munich kuja anaphunzitsidwa ndi a Carl von Linde, katswiri wa makina oziziritsa, agogo ake a mafiriji tili nawowa. A Linde ndi amene anauza kalasi kuti injini ya nthunzi, imene inkayendetsa mafakitale ndi sitima nthawi imeneyo, pa malasha 100 alionse amene wawotcha, ogwiradi ntchito sakwana ngakhale 10 bwinobwino, ena onse amangothera mu utsi ndi kutentha. Mawu amenewo anamulowa mnyamatayo ngati minga. Anadwala taifodi mu 1879, mayeso anamupita, n'kukagwirako ntchito ku kampani ya Sulzer ku Winterthur, Switzerland, podikira. Mu Januwale 1880 anakhoza moposa onse. Ntchito yake yoyamba inali ku Paris, kufakitale ya a Linde yopanga madzi oundana.

Tiyamike (MUBAS, chaka chachitatu): Zikomo agogo, nkhaniyi tinaikhudzako m'kalasi. Mundilole ndiwonjezere kwa amene sanatsegulepo injini. Ya petulo imakoka mpweya wosakaniza ndi mafuta, pulagi n'kuthetheka, moto n'kuyaka. Ya dizilo ilibe pulagi yothetheka. Imakoka mpweya wokhawokha, pisitoni n'kuupanikiza mpaka malo amene unali achepe ka 16 kapena ka 20. Mpweya ukapanikizidwa chonchi umatentha kupitirira madigiri 500. Pamenepo ndi pomwe nozo imapopera mafuta ngati nkhungu, mafutawo n'kuyaka okha. Nzeru yonse yagona pamenepo.

Chikondi wa pa galaja ku Biwi: Achemwali, zimenezo ndimazidziwa ndi manja, mawu okha ndi amene ndinalibe. Aliyense amene anapopapo tayala la njinga akudziwa kuti pampu imatentha kumunsi kuja. Ndi zomwezo, kungoti mu silinda n'zankhanza. N'chifukwa chake injini ya dizilo maring'i akatha imavuta kulira m'mawa. Anthu amathamangira kugula batire yatsopano, chonsecho vuto ndi kompuresheni, mpweya ukuthawira pansi, sukutentha mokwanira. Mwezi wa Juni kukazizira mumawaona a minibasi akukankhana pa siteji. Ndikawauza kuti tiitsegule amati ndikufuna kuwadyera.

Nachisale wa chigayo ku Mitundu: Ife pa chigayo tisanakokere magetsi tinali ndi injini ya dizilo ya Lister ya silinda imodzi. Umakweza kachitsulo kaja kuti mpweya uzituluka, n'kuyamba kupukusa handulo, kupukusa, kupukusa, gudumu likathamanga mnzako n'kugwetsa kachitsulo kaja. Ikati du, du, du, mudzi wonse wadziwa kuti lero tigayitsa. Koma ukachedwa kuchotsa handulo, dzino limapita. Mlongo wanga mpaka lero ali ndi chipsera pachibwano.

A Gondwe (opuma ntchito): Mayi Nachisale, mwakhudza pamtima pa nkhani. Diesel sankalota za malole kapena sitima zankhondo. Ankaona amisiri ang'onoang'ono ngati bambo ake akumezedwa ndi mafakitale akuluakulu, chifukwa injini ya nthunzi inkafuna boila, malasha ndi ndalama zambiri. Ankafuna injini imene mmisiri wamba angaikwanitse. Mu 1903 analembanso buku lonse lofotokoza kuti antchito azisonkha ndalama pang'onopang'ono n'kukhala ndi mabizinesi awoawo, ndipo linagulidwa ndi anthu ochepa kwambiri. Chigayo cha pa Mitundu chili pafupi ndi maloto ake kuposa zambiri zimene injini yake inapanga ali moyo.

Tiyamike (MUBAS, chaka chachitatu): Koma agogo muwauzenso kuti zimene analemba poyamba sizinatheke. Chiphaso cha boma chomuteteza kuti nzeruyo ndi yake chinatuluka mu Febuluwale 1893, koma papepalapo ankafuna kupanikiza mpweya mopitirira muyezo, ndipo ankati injiniyo sidzafuna madzi oziziritsa. Zitsulo zinakana. Anachita kubwerera m'mbuyo n'kusintha zambiri.

A Gondwe (opuma ntchito): Wanena zoona mdzukulu. Anamupatsa malo ndi amisiri anali a Heinrich von Buz a fakitale ya makina ya ku Augsburg, imene pambuyo pake inadzakhala MAN, kampani yopanga malole ija, ndalama zina n'kuchokera kwa Krupp, kampani yaikulu ya zitsulo. Pa 10 Ogasiti 1893 anathira mafuta koyamba mu injini yoyeserera. Anayakadi okha, koma mwamphamvu moti chida choyezera chinaphulika, zidutswa n'kuuluka anthu ali pomwepo. Injiniyo payokha sinayende. Panapita zaka zinayi akumasula, kusintha, kumanganso. Pa 17 Febuluwale 1897 pulofesa Moritz Schröter anadzaiyeza, n'kupeza kuti pa mafuta 100 alionse, 26 akugwira ntchito. Panthawiyo panalibe injini ina iliyonse yofikapo. Ndipo a Chikondi, musaseke: injini imeneyo inkamwa palafini. Mafuta amene timati dizilowa anatenga dzina kuchokera ku injini, osati injini kutengera mafuta.

Yamikani wa ku Joni: MAN yomwe ndimayendetsayi? Ndili pa Beitbridge pano tsiku lachiwiri, mzere sukusuntha, bola ndaphunzirapo kanthu. Madala pitirizani. Ndalama anapeza?

A Gondwe (opuma ntchito): Anapeza zochuluka. Mu 1897 momwemo Adolphus Busch, mwini kampani yofulula mowa ku St. Louis ku America, analipira mamaki (ndalama za ku Germany za nthawi imeneyo) 1 miliyoni kuti akhale ndi ufulu wopanga injiniyi kwawo. Makampani a m'mayiko ena nawo anagula. Injini yoyamba kugulitsidwa inakaikidwa mufakitale ya machesi ku Kempten mu 1898. Koma apa m'pamene mavuto anayambira. Anagulitsa chinthu chisanakhwime. Injini zina zoyambirira zinkawonongekawonongeka, eni ake n'kumazibweza. Ena anamukokera kukhoti kuti nzeruyo si yake. Mutu waching'alang'ala sunkamusiya, mpaka anakagonekedwa kumalo opumulirako odwala ku Munich. Atatulukamo anamanga chinyumba ku Bogenhausen mu Munich momwemo, ndalama zina n'kuziponya m'malonda a malo ndi m'zitsime za mafuta ku Galicia, chigawo cha kum'mawa kwa Ulaya. Zambiri zinalowa m'madzi.

Bambo a Mphatso: Ine nkhaniyi ndinaimvapo. Munthuyu anachita kuphedwa. Taganizani: chaka ndi 1913, nkhondo yaikulu ikuyamba 1914, Germany ikufuna injini zake m'sitima zoyenda pansi pa madzi, iye akupita kukakumana ndi Angelezi. Komanso mu 1900 ku chionetsero cha ku Paris injini ya mtundu wake inayenda ndi mafuta a mtedza. Eni zitsime za mafuta akanamusiya? Akanakhala moyo bwenzi alimi a ku Mchinji ali mabwana pano.

Tiyamike (MUBAS, chaka chachitatu): Za mtedzazo n'zoona, bambo. Boma la France ndi limene linapempha kuti ayese, poganizira mayiko a mu Africa amene linkawalamulira, kumene mtedza unali wambiri koma malasha ndi mafuta n'zovuta kufikitsa. Diesel mwini wake anadzayankhulapo bwino za mafuta a mbewu m'zaka zake zomaliza. Koma kuchoka pamenepo kufika pakuti anaphedwa, mtunda ulipo. Ufulu wopanga injiniyo unali utagulitsidwa kale m'mayiko ambiri, England yomwe. Mu 1912 sitima yaikulu ya Selandia, yopangidwa ku Copenhagen, inali ikuwoloka kale nyanja ndi injini za dizilo. Kumupha kukanaletsa chiyani?

Chikondi wa pa galaja ku Biwi: Ndipo pasapezeke wina wothira mafuta ophikira mu injini ya Toyota ya D4D chifukwa cha nkhaniyi chonde. Injini za masiku ano nozo zake timabowo n'tating'ono kwambiri. Mudzandipeza pa Biwi muli misozi chuchuchu.

A Gondwe (opuma ntchito): Bambo a Mphatso, palibe anaona zimene zinachitika usiku umenewo, ndiye mphekesera sizingalephere. Koma tamverani izi. Chipewa ndi chikhoti chake anazipeza zopindidwa bwino pafupi ndi zitsulo za m'mphepete kumbuyo kwa sitima. Patatha masiku pafupifupi 10, boti la ku Holland linapeza mtembo panyanja, osazindikirikanso. Anangotenga za m'matumba: kachikwama ka ndalama, kampeni, kabokosi ka mankhwala, moika magalasi. Mwana wake wotsiriza, Eugen, wobadwa 1889, ndi amene anakazizindikira kuti n'za bambo ake. Tsono nachi chimene chandilembetsa lero. Asananyamuke anapatsa mkazi wake Martha chikwama, n'kumuuza kuti asatsegule mpaka sabata yotsatira. Atatsegula anapezamo mamaki 20,000 ndi mapepala a kubanki osonyeza kuti kumaakaunti kulibe kanthu. Anakwatirana mu 1883. Zaka 30 za banja, ana atatu, Rudolf, Hedwig ndi Eugen, koma mayiyo anadziwira m'chikwama kuti chuma chinatha. Ambiri amene analemba mbiri yake amakhulupirira kuti anadzichotsa yekha moyo.

Yamikani wa ku Joni: Eish. Koma ine ndikuti anali bambo weniweni. Anasenza yekha mtolo kuti mkazi ndi ana asade nkhawa, ndipo ngakhale pomaliza anaganiza zowasiyira kenakake. Ife tili kunjaku timadziwa. Kumudzi ukaimba foni umati zonse zili bwino, chonsecho wagona ndi buledi ndi madzi. Ukawauza zoona uwapweteketsa mtima chabe, sangakuthandize.

Nachisale wa chigayo ku Mitundu: Achimwene a Yamikani, mundikhululukire, koma apa ndikutsutsani, ndipo ndilemba motalika. Lister ndanena ija inali ya malemu bambo anga. Munthu wosamwa mowa, wosamenya mkazi, ana tonse asanu ndi mmodzi anatiphunzitsa ndi chigayo chimenecho. Mukanafunsa aliyense pamudzi akanati banja lachitsanzo. Injini ankaidziwa ngati mwana wawo. Ali m'nyumba akudya nsima amatha kuimitsa dzanja m'mwamba n'kunena kuti lamba wayamba kutsetsereka, kupita kukaona, n'zoonadi. Anali ndi kope la sukulu lachikuto chofiira limene ankalembamo malita a dizilo, tsiku losintha oyilo, mabeseni ogayidwa, chilichonse. Kopelo tonse tinkaliona. Koma linalipo lina, m'sutikesi pansi pa bedi, limene tinaliona atamwalira. Chaka china injini inanoka, anakatenga katapila kuti agule kirankishafiti. Kuti abweze ameneyo anakatenga kwina. Zaka zitatu akukumba dzenje kukwirira linzake, amayi osadziwa kanthu, akumapereka mowolowa manja kumaliro ndi kuzinkhoswe poyesa kuti zinthu zili bwino. BP inawatenga bambo mwadzidzidzi. Tisanasese n'komwe, kunabwera anthu awiri ndi ngolo, ati tadzatenga injini, pepala lili m'manja, siginecha ya bambo. Amayi anali ndi ng'ombe zinayi zakwawo. Akanauzidwa chaka choyamba, imodzi yokha ikanatseka ngongole yonse. Pofika nthawi imeneyo zinapita zitatu. Mpaka lero amayi akakumbuka sanena za ng'ombe, amati: bambo ako anandiyesa mwana. Ndiye musandiuze kuti kubisa ndi chikondi. Diesel anawalanda Mayi Martha aja mpata wonena kuti tigulitse chinyumbachi tikakhale m'kanyumba kang'ono.

Chikondi wa pa galaja ku Biwi: Pepani mayi. Mwandikhudza.

Yamikani wa ku Joni: Pepani achemwali, sindinadziwe. Koma mundimvetsenso. Pali akazi ena ukangonena kuti ndalama zavuta, mawa nkhani ili kwa apongozi, mkuja ulemu watha pakhomo. Si onse ali ngati mayi anu.

Nachisale wa chigayo ku Mitundu: Alipo, sindikana. Koma inu anuwo munawayesapo, kapena mwangowaweruza muli pa Beitbridge?

Bambo a Mphatso: Kkkkk a Yamikani, yankhani.

Yamikani wa ku Joni: Netiweki ikuvuta kuno.

A Gondwe (opuma ntchito): Musamuseke, tonse tili momwemo. Ine ndagwira ntchito ya makina zaka zoposa 30, ndipo ndinaona kuti ntchito yathuyi ili ndi matenda ake. Timazolowera kuti chilichonse chowonongeka chili ndi chifukwa, ndipo ukachimasula modekha uchikonza wekha. Munthu amene anakhala zaka zinayi akulimbana ndi injini yokana kuyenda mpaka inayenda, mukuganiza angavomere msanga kuti nkhani ya ndalama yamukanika? Ankati ndikonza, chaka chamawa zibwerera. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti moyo wake wonse unali wosaka pamene mphamvu ikutayikira, ankawerengera kutentha kothawira mu utsi mpaka kadontho, koma potayikira ndalama za m'nyumba mwake sanalole wina aliyense kusuzumirapo. Inenso nditapuma ntchito, ndalama zanga za penshoni theka ndinaziika m'minibasi imene inandidyera zonse. Ndinakhala miyezi isanu ndi itatu osawauza mayi a kunyumba. Tsiku limene ndinawauza anangoti, ndimadziwa, ndimadikira kuti munene liti. Anaonera pa sopo amene ndinayamba kugula.

Tiyamike (MUBAS, chaka chachitatu): Chomvetsa chisoni china n'chakuti sanaone kumene injini yake inafika. Ya nthawi yake inali chinthu cholemera, mafuta ankawalowetsa mu silinda ndi mpweya wochokera ku kompuresa ina yapadera, ndiye inkakwanira m'fakitale ndi m'sitima basi. Malole a dizilo anayamba cha m'ma 1923 ndi 1924 kwa Benz ndi MAN, pampu ya Bosch inayamba kupangidwa yambiri mu 1927, ndipo galimoto yaing'ono ya Mercedes 260 D inatuluka mu 1936. Akanangopirira zaka khumi akanaona lole yoyamba.

Chikondi wa pa galaja ku Biwi: Pampu ya Bosch imeneyo ndi imene imatidyetsa ife. Koma achemwali a Tiyamike, kusukuluko amakuphunzitsani kuchotsa mpweya m'mapaipi galimoto ikathera mafuta panjira? Chifukwa anabwera mnzanu wina kudzaphunzira ntchito kuno, masamu ali m'mutu thoo, koma sipanala 17 ankaigwira ngati supuni.

Tiyamike (MUBAS, chaka chachitatu): Ndimachotsa, achimwene. Kumasula kanati ka pa fyuluta, kupopa mpaka thovu lithe, kenako mapaipi a ku nozo mmodzimmodzi. Holide ikubwerayi mundilandire ndidzakuonetseni. Diesel nayenso anayamba wadetsa manja ku Sulzer asanatenge pepala lake.

Chikondi wa pa galaja ku Biwi: Bwerani ndi ovolosi yanu.

Admin: Nkhani yabwino madala, zikomo. Ndingopempha kuti poti yakhudza za munthu kudzichotsa moyo, tisaiseweretse. Pa gulu pano tilipo anthu oposa 200 ndipo sitidziwa amene wasenza chiyani. Ngati wina ngongole yakufika pakhosi, uza munthu, kaya mkazi wako, kaya mbale, kaya abusa kapena a shehe, kaya a chipatala. Inbox yanga ndi yotsegula. Komanso amene mukuponya malonda a matayala pakati pa nkhani, ndafufuta, tsiku la malonda ndi Lachisanu.

Bambo a Mphatso: Ine ndikadali pa mfundo yanga yakuti anaphedwa. Koma za chikwamazo sindimazidziwa. Nanga mayiyo zinawathera bwanji?

A Gondwe (opuma ntchito): Chinyumba chija sanathe kukhalamonso, katundu anagulitsidwa. Mayi Martha anakhala moyo mpaka 1944. Eugen, amene anakazindikira kampeni ka bambo ake uja, sanakhale injiniya, anadzakhala mlembi, ndipo ndi iye analemba mbiri ya bambo ake imene inatuluka mu 1937. Injini ya 1897 ija ilipo mpaka lero, ili ku Deutsches Museum ku Munich.

Nachisale wa chigayo ku Mitundu: Yathu Lister tinaiwombola, ili m'shedi kuseri, timaidzutsa magetsi akazima. A Chikondi, ikutulutsa utsi woyera ikangolira kumene ndipo ikuchedwa kugwira. Ndi nozo kapena maring'i?

Chikondi wa pa galaja ku Biwi: Popukusa handulo mutagwetsa kachitsulo kaja, ikukubwezani mwamphamvu kapena ikungodutsa mofewa? Ngati ikudutsa mofewa ndi maring'i kapena mavavu. Ngati ikubweza, masulani nozo mubwere nayo Lolemba tidzaiyeze, musanagule kanthu.

Nachisale wa chigayo ku Mitundu: Ikubweza ndithu. Ndimutuma mlongo wanga wachipsera uja.

Yamikani wa ku Joni: Mzere wayamba kusuntha, ndatuluka kaye. Achemwali a Nachisale, ndawaimbira mayi a ana. Za lole ija ndinagundana nayo mu Epulo, imene akundidula pa malipiro, ndawauza. Akalipa mphindi 20, mayunitsi n'kutha. Akuti ndiimbenso ndikafika Musina.